Gawo Lachitatu Silinalimo

"Ndiye mukuti makompyuta onse atatu ndi abodza, alamu?"

Anali amuna anga amenewo. Anali chiimire pabalaza, tepi yoyezera zovala ili m'khosi, kafulashi kakuda kali m'manja. Achimwene anga anakhala pampando wapulasitiki pafupi ndi mashini osokera, atakumbatira chikwama chawo chakuntchito. Ine ndinali chigonere kuchipinda, chitseko chili chotsegula, mwana ali kubere.

"Sindinanene kuti ndi abodza," anayankha achimwene. "Ndati makompyuta a m'misika amakhala ndi mavairasi. Ife kuofesi tinaikamo zonse. Ndinaika ndekha ndi manja angawa."

"Nanga bwanji sikakutseguka?"

"Ine ndine kalaliki, alamu. Wokonza makompyuta si ine."

"Ndiye tikawauze chiyani adokotala? Kuti mlamu wanga ndi kalaliki?"

"Musandilankhule ngati ndine amene ndinagwira mpeni."

"Mpeni simunagwire. Munagwira dzanja la mlongo wanu n'kumulowetsa pachipatala chija. Munati kwanu kulibe mizere, madokotala ndi anzanu."

"Ndipo mwana ndi uyo, ali moyo."

"Nanga mayi ake?"

Ndinafuna kuwauza kuti aleke, koma m'mimba simunandilole kukweza mawu. Inali itakwana miyezi itatu chindichitireni opaleshoni yotulutsa mwana pachipatala cha eni ake chimene achimwene ankagwirako ntchito yosunga mafayilo. Bala la kunja linali litapola, koma mkati, chakumanzere, munali chinthu cholimba ndi chotentha, ndipo madzulo alionse thupi linkaphwanya. Adokotala a kuchipatala chachikulu atandiunika anati akuona chotupa chimene sakuchimvetsa, ndipo ayenera kunding'ambanso. Koma pa opaleshoni yoyamba ija ndinachedwa kudzuka, mtima unatsala pang'ono kuima, ndiye anati sangandigonetsenso asanadziwe mankhwala amene anandibaya. Anatituma kukatenga zonse zimene chipatala chija chinalemba. Kumeneko anati masiku ano sapereka mapepala. Anatipatsa kafulashi.

Achimwene anabwera kudzaima pakhomo la chipinda.

"Chemwali, ukupezako bwanji?"

"Chimodzimodzi."

"Mankhwala ndinabweretsa aja ukumwa?"

"Ndikumwa."

Maso awo anali pa mwana, osati pa ine. Anati akuchedwa kuntchito, n'kutuluka.

Amuna anga anadzakhala m'mphepete mwa bedi, malaya awo ali tiulusi tokhatokha. Anali ndi mayunifolomu a sukulu oti amalize sabata imeneyo, koma masiku anayi anali atathera m'misewu ndi kafulashi kaja.

"Ndatopa, mayi a mwana," anatero. "Kwa aphunzitsi oyandikana nafewa, kompyuta inandifunsa kuti nditsegule ndi chiyani. Ine wobwera kudzafunsa ndi amene ndikufunsidwa. Pashopu ya mabuku inalemba Chingerezi kuti fodayo ndi yowonongeka. Wamumsika uja ndiye anati akapukute kakhale katsopano."

"Munavomera?"

"Ndinakatsomphola m'manja mwake. Misala ndilibe."

"Aphunzitsi akuti kuseri kwa positi ofesi kuli mayi wina wodziwa zimenezi. Mawa tipite tonse."

"Muyenda bwanji inu?"

"Mmene ndimayendera popita kuchimbudzi. Pang'onopang'ono."

Malo a mayiwo anali kachipinda kapansi pa masitepe, kopapatiza moti anthu awiri sangadutsane, kodzaza fungo la mapepala otentha. Anthu ankangowatchula kuti Mayi Fotokope chifukwa cha chimashini chimene chinatenga theka la chipindacho. Anali achikulire, magalasi awo omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, ndipo anali atatayipa m'maofesi a anthu zaka zambiri asanatsegule malo awoawo. Ataona mmene ndinagwirira pamimba, anandikhazika pampando wawo, iwo n'kukhala pakatoni ya mapepala. Amuna anga anaima kumbuyo kwathu atanyamula mwana.

"Choyamba tikopere zonse mu kompyuta yanga," anatero Mayi Fotokope. "Kafulashi kanuka tisakakhudzenso. Tikalakwitsa, tilakwitse pa zokopera."

Pa sikirini panaoneka mafayilo anayi. Onse anali ndi dzina limodzi, nambala yanga yakuchipatala.

"Imeneyi ndi zipi," anatero.

Amuna anga anaseka, koyamba m'masabata angapo. "Zipi ndiye ntchito yanga, mayi. Ikakana timaipaka kandulo."

"Iyi kandulo siimva, bambo. Mafayilo akachuluka amawapanikiza pamodzi, mmene mumapanikizira zovala m'chikwama, n'kutseka. Chikwamacho chikakula kwambiri amachidula m'magawo. Kuti chitseguke, magawo onse akhale malo amodzi, mayina osasinthidwa. Inu munkadina fayilo iti?"

"Yapamwambayo."

"Yapamwamba siitseguka payokha. Amadina yomaliza iyi, ndi imene imasunga mndandanda wa zonse zili mkati."

Anadina yomalizayo. Kompyuta inatulutsa kabokosi kokana. Iwo sanadabwe. Anati pulogalamu yobwera ndi kompyuta imalephera zipi zoduladula, ndiye anatsegula ina imene anaiika okha. Nthawi yomweyo sikirini inadzaza ndi mayina a mafayilo, mzere pansi pa mzere, lililonse ndi tsiku lake.

"Katseguka," anatero amuna anga, n'kumugwedeza mwana ngati nayenso amve.

"Musafulumire. Taona mayina chabe. Tsopano tiyese kutulutsa."

Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda kuchokera kumanzere. Tonse atatu tinakayang'ana ngati mmene munthu amayang'anira basi yochedwa. Katatsala pang'ono kufika pakati kanaima. Panabwera kabokosi kena.

"Ikuti chiyani?" ndinafunsa, ngakhale Chingerezi ndimachimva ndipo ndinali nditawerenga kale.

"Ikufuna gawo lachitatu."

Anabwerera ku mafayilo anayi aja. Anati kompyuta imakonda kubisa michira ya mayina, ndiye anasintha penapake kuti michirayo ioneke. Kumapeto kwa dzina lililonse kunatuluka nambala.

"Werengani nane, asisi."

"Loyamba. Lachiwiri. Lachinayi. Ndi lomalizali."

"Mwaona."

Sanalekere pomwepo. Anayang'ana ngati panali fayilo yobisika. Panalibe. Anayendetsa pulogalamu yofufuza zinthu zofufutidwa pa kafulashi kaja, tikudikira, mwana akulira, anthu ofuna fotokope akusuzumira pakhomo n'kubwerera. Anayesanso njira ina yokonzera zipi yowonongeka, imeneyonso inakana.

"Silinafufutidwe," anatero pomaliza, akupukuta magalasi ndi nsonga ya bulawuzi. "Silinalowemo n'komwe. Koma tiyeni titulutse imodziimodzi, zimene zili m'magawo amene tili nawowa zituluka."

Zinatulukadi. Fomu yolowera m'chipatala. Zotsatira za magazi. Khadi la mwana, kulemera kwake, kadindo ka phazi lake. Ndandanda ya zakudya zimene anandipatsa. Zitatu zokha ndi zimene zinakana. Mayi Fotokope anazilozera ndi cholembera pagalasi. Yoyamba inali pepala la mankhwala ogonetsa. Yachiwiri inali lipoti la opaleshoni. Yachitatu dzina lake linali lipoti la vuto, ndipo tsiku lake linali lotsatana ndi tsiku limene mwana anabadwa.

"Vuto lanji?" anafunsa amuna anga. "Palibe anatiuza za vuto."

"Dzina lokha ndi limene ndingakuonetseni, bambo. Tili ngati anthu owerenga zolembedwa pazitseko, makiyi tilibe."

"Zingachitike mwangozi?" ndinafunsa.

Mayi Fotokope anatembenukira kwa ine. "Ngozi zimachitika. Munthu atha kuzula fulashi isanamalize kukopera. Koma ukazula msanga, chimasowa ndi chakumapeto. Apa chasowa chapakati." Anadina penapake, mashini n'kutulutsa pepala lokhala ndi mayina onse aja ndi kukula kwa fayilo iliyonse. Anadula mizere pansi pa atatuwo. "Pitani nalo ili. Musakawauze kuti kafulashi sikakutseguka, akakuuzani za mavairasi. Mukawauze kuti gawo lachitatu mulibe."

Kuchipatala chija tinapita Lachitatu. Pamalo olandirira alendo panali pozizira, pakhoma pali wailesi ya kanema yopanda mawu. Wolandira alendo anatiuza kuti tinasaina kuti talandira zonse, n'kutionetsa pamene amuna anga anasaina. Anati wamakompyuta ali pa tchuthi, tibwere Lachisanu. Lachisanu anati makina akuvuta. Lolemba anati abwana ali kumsonkhano. Ulendo uliwonse ndinkatsika basi nditagwira chitseko ndi manja onse awiri, n'kukhala kaye pamwala wa m'mbali mwa msewu mpaka chizungulire chithe. Ofesi ya achimwene inali kumapeto kwa khonde, chitseko chake chagalasi losaonekera bwino. Kawiri konse ndinaona chithunzithunzi chawo chikusuntha mkatimo. Chitseko sichinatseguke.

Ulendo wachinayi ndinakana kuchoka pabenchi mpaka abwana oyang'anira chipatalacho anatiitana. Anali bambo wa mawu ofewa, wonunkhira mafuta. Anandikokera mpando okha.

"Mayi, pepani kwambiri ndi kuvutika konseku. Inutu ndinu wathu, mlongo wa mnzathu." Anayang'ana pepala la Mayi Fotokope mwachidule, n'kuliika chafufumimba patebulo. "Ili mukuti lipoti la vutoli ndi fomu chabe. Kompyuta imaika dzinalo pa wodwala aliyense, mkati simukhala kanthu. Koma musadandaule, tikukonzerani kena pompano."

Patapita ola anatipatsa kafulashi kena, kofiira, n'kutisainitsanso.

Kwa Mayi Fotokope mafayilo anaoneka asanu. Amuna anga anawerenga mokweza, loyamba mpaka lomaliza, palibe losowa. Koma kamzere kobiriwira kanaimanso pamalo omwe aja. Mayiwo anasintha kaonekedwe ka foda kuti kukula kwa fayilo iliyonse kuoneke. Magawo ena onse anali ndi nambala zazitali. Pa gawo lachitatu panali ziro.

"Dzina lilipo, mkati mulibe kanthu," anatero. "Munthu wachita kukhala pansi n'kupanga fayilo yopanda kanthu, n'kuipatsa dzina loyenera. Amene wachita izi zipi amaidziwa kuposa ine."

Amuna anga anakhala pansi pasitepe, mwana ali pamiyendo, n'kuzolika. Ine ndinalibe ngakhale mphamvu yokwiya. Ndinangomva kutopa kumene kumayambira m'mafupa.

Mawa lake adokotala a kuchipatala chachikulu, mayi wa imvi wosakonda kuzungulira, anandiyeza kutentha kwa thupi n'kupukusa mutu. Anati sangadikirenso kupitirira masiku khumi. Mapepala akapanda kubwera anding'amba choncho, mongoyerekeza mankhwala, ndipo amuna anga asainire zimenezo.

Lamlungu masana ndinawatumizira uthenga achimwene kuti abwere. Ndinadzikoka kuchoka pabedi n'kukakhala pabalaza, nditatsamira khoma. Pepala la Mayi Fotokope ndinaliika patebulo lodulira nsalu, pambali pake tifulashi tiwiri, kakuda ndi kofiira. Amuna anga ndinawapempha kuti asalankhule mpaka nditamaliza. Anakhala pamashini awo, manja ali pamaondo.

Achimwene atalowa anaona zapatebulozo, n'kuima.

"Khalani pansi, achimwene."

"Sindikhalitsa, chemwali."

"Khalani. Amayi atamwalira munandilera ndinu. Kuwerenga munandiphunzitsa ndinu. Werengani apa, pamene pali mizerepa."

"Abwana anakufotokozera kale. Ndi fomu chabe."

"Fomu yopanda kanthu kukula kwake kumakhala ziro, ngati gawo lachitatu la mu kofiiraka. Ndaphunzira zimenezi sabata ino. Koma pa pepalali nambala yake ndi yaitali. Muli zolembedwa."

"Mayi wa fotokope sangadziwe za chipatala."

"Za chipatala sadziwa. Amadziwa kuwerenga kuyambira wani mpaka faifi. Anapanga kakudaka ndani?"

"Ndinanena kale kuti ndine."

"Nanga kofiiraka?"

Anakhala pampando wapulasitiki uja, n'kuyamba kutsegula ndi kutseka loko wa chikwama chawo.

"Sindikukufunsani za ntchito yanu," ndinatero. "Sindikufunsani za abwana anu. Mawu ndilibe okwanira mafunso ambiri. Ndikufunsa limodzi. Muli chiyani m'mimba mwangamu?"

Loko uja anasiya kulira.

"Nsalu," anatero motsitsa.

"Chiyani?"

"Kansalu kopukutira magazi. Amawerenga polowetsa, amawerenganso potulutsa. Tsiku lija utayamba kuvuta kupuma, anathamangira kutseka. Namwino anawerenga pambuyo pake, kamodzi kanaperewera. Analemba lipoti m'mawa mwake."

"Linafika kwa ndani?"

"Malipoti onse amafika kwa ine."

"M'mawa mwake," ndinabwereza. "Ndili chigonere pachipatala chomwecho. Munabwera ndi malalanje tsiku limenelo."

"Ndinapita kwa abwana, chemwali. Ndinapita. Anati mwina namwino analakwitsa kuwerenga. Anati tione kaye, mwina sipakhala vuto. Ndiye utayamba kutentha thupi ndinkatenga mankhwala aja, amphamvu kwambiri amene tili nawo. Ndinkati mwina kasungunuka."

Amuna anga anaiwala zimene ndinawapempha. Koma sanakuwe. "Nsalu siisungunuka, alamu," anatero. "Mukanafunsa ine."

Achimwene anaphimba nkhope ndi manja. Analankhula ali choncho, mawu akutuluka pakati pa zala.

"Ndili ndi ana anayi. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala pa desiki imeneija, ntchito ina sindiidziwa. Lamulo si langa. Fayilo iliyonse yokhala ndi lipoti la vuto imatuluka yoperewera. Munthu wasaina kuti walandira, ife tapereka. Akabweranso timamupatsa ina. Amabwera kawiri, katatu, kenako amatopa."

"Angati?"

"Sindinawerenge."

"Ndiye inenso mumadikira kuti nditope."

"Ayi."

"Mumadikira chiyani?"

"Sindikudziwa, chemwali. Tsiku lililonse ndinkati mawa."

Anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa makiyi a kunyumba kwawo. Pakati pa makiyiwo panali kafulashi kakang'ono kachitsulo. Analephera kukachotsa pa mphete. Amuna anga anatenga sizasi, n'kutanula mpheteyo ndi nsonga, kafulashi n'kugwera patebulo.

"Gawo lachitatu lili umo," anatero achimwene. "Ndakhala ndikuyenda nalo chiyambire tsiku loyamba lija. Ndabwera nalo m'nyumba muno kangapo."

Ndinakayang'ana kafulashiko. Ndinkayembekeza kuti ndilira, kapena ndiwatukwana. Sizinachitike. Msana unali utatopa ndi khoma.

"Bambo a mwana, ndithandizeni ndikagone," ndinatero. "Achimwene, potuluka mutseke chitseko, ntchentche zikulowa."

Lolemba m'mawa tinali kwa Mayi Fotokope asanatsegule n'komwe. Anakopera gawo lachitatu lenilenilo mu foda imene munali ena aja, n'kuchotsa lopanda kanthu lija. Anadina fayilo yomaliza. Kamzere kobiriwira kanayenda, kanadutsa pamene kankaima, n'kukafika kumapeto. Sipanathe ndi mphindi imodzi yomwe. Masabata atatu tinali titayenda chifukwa cha mphindi imeneyo.

Anasindikiza mapepala atatu aja osawawerenga, n'kundipatsa chafufumimba. Ndinawatembenuza ndekha. Lipoti la vuto linali la tsamba limodzi. Namwino analemba kuti tinsalu tinalowa khumi, tinatuluka tisanu ndi tinayi, ndipo wodwala aunikidwe msanga. Pansi pake panali chidindo cha ofesi ya mafayilo ndi siginecha imene ndinkaiona pa malipoti anga a sukulu chaka ndi chaka.

Adokotala a imvi anazunguliza dzina la mankhwala amodzi ndi cholembera chofiira. Anati amenewo akanandibaya kachiwiri mwina sindikanadzuka. Anandichita opaleshoni Lachinayi. Nditatsitsimuka anandionetsa kansaluko m'kambale kachitsulo, kotuwa, kokulungika ngati mpango wa m'thumba woiwalika m'zochapa. Kanali katamatirira kumatumbo, moti anadulako pang'ono. Anati za mwana wina tiyambe taiwala. Anatinso alembera kalata bungwe loyang'anira zipatala, koma tisayembekezere yankho lamsanga. Amuna anga podutsa pachipatala cha eni ake chija anapeza akupenta geti.

Achimwene anabwera pa tsiku lachisanu ndili m'chipatala, nthawi yoona odwala masana. Anali opanda chikwama. Anaima kumiyendo kwa bedi mpaka amuna anga anawasunthira mpando.

Anakhala.

"Andichotsa," anatero. "Akuti ndinatulutsa zinsinsi za odwala."

"Wodwala wake ndine."

"Ndinawauza choncho."

Palibe anapepesa mnzake. Mayi wa pabedi loyandikana ankadyetsedwa phala ndi mwana wake wamkazi, supuni ikugunda mbale. Achimwene anatulutsa pepala lopindapinda m'thumba la malaya, n'kuliika pabulangete.

"Unandifunsa kuti angati. Ndisanachoke ndinawerenga."

Linali pepala la m'kope, lolembedwa pamanja. Mayina khumi ndi limodzi, lililonse ndi nambala ya foni ndi kumene munthuyo amakhala. Asanu ndi awiri anali amayi obereka ngati ine.

"Magawo awo osowa onse ndinakopera," anatero. "Ali kwa mayi wa fotokope uja. Wati aliyense abwere ndi kafulashi kake, amutsegulira."

"Akawauza ndani?"

"Ndimati mwina alamu. Kapena iwe ukachira. Ine sangandikhulupirire, ndine amene ndinawapatsa."

"Alamu anu ali ndi mayunifolomu. Ine ndili ndi ulusi pamimba. Mupita ndinu, khomo ndi khomo. Akakutukwanani muime pomwepo mpaka amalize."

Anagwedeza mutu kuvomera. Ndinayang'ananso pepalalo. Dzina lachisanu ndi chimodzi linali ndi kamtanda pambali.

"Nanga uyu? Ndi mmodzi wa otopa aja?"

"Ameneyo sanatope. Anabwera kasanu ndi kawiri. Anamwalira miyezi iwiri yapitayo. Amuna ake akadalipo."

Ndinapinda pepalalo n'kuwabwezera.

"Yambani ndi ameneyo," ndinatero.

Anaimirira, n'kuyang'ana mwana amene anali m'manja mwa bambo ake. Dzanja lawo linayamba kunyamuka ngati limugwire tsaya, kenako linabwerera m'thumba. Anatuluka belu lothamangitsa alendo lisanalire.